Galimoto Yofiira Imene Achimwene Anaitanitsa ku Japan

Nyumba yathu ili ku Chilomoni, kumtunda kwenikweni, kumene msewu umasiya kukhala msewu n'kusanduka njira ya madzi. Kuchokera pa tala kufika pageti pathu ndi mphindi khumi kwa munthu wa miyendo yabwino. Amayi miyendo yabwino analibe. Nyamakazi inawagwira m'mawondo ndili Fomu 1, ndipo pofika Fomu 3 ankangoyenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, atagwira khoma. Analinso ndi shuga, choncho mwezi uliwonse ankayenera kupita kuchipatala chachikulu kukaonana ndi adokotala.

Tsiku limenelo likafika, achimwene ankawabereka kumbuyo. Achimwene ndi oyamba kubadwa, ine wotsiriza, ndipo bambo anatisiya kalekale. Achimwene ankagwada pakhonde, amayi n'kuwakolekera manja m'khosi, ine n'kumatsatira ndi ndodo ndi kabuku ka kuchipatala. Amayi ankadzifunditsa chitenje kumutu. Sichinali cha dzuwa ayi. Panjira pali maokala awiri, chigayo, ndi mpopi umene amayi anzawo amatungapo madzi, ndipo onsewo ankapereka moni.

"Mwadzuka bwanji mayi? Wa kuchipatala?"

Amayi ankayankhira m'chitenje momwemo. Tikafika pa tala n'kuwatsitsa kuti tidikire minibasi, ankanena chapansipansi kuti, "Kudutsa pamaso pa anthu ngati thumba la makala."

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amakhala ku Kanjedza, kumene takisi imafika pakhomo penipeni. Anali atanena kangapo kuti amayi asamukire kwawoko. Amayi ankakana, chifukwa nyumba yathu anamanga ndi bambo ndipo njerwa zake anaumba okha. Inenso ndinkakana, koma mumtima basi. Sukulu yanga ili konkuno, sindikanatha kupita nawo. M'kope limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti: amayi akapita, Fomu 4 ndidzailemba m'nyumba yopanda amayi.

Lamlungu lina amayi aang'ono anabwera, n'kufika pakhonde akupuma wefuwefu. Asanamwe ndi madzi omwe anauza achimwene kuti, "Iwe, mvula ikubwerayi ukadzangoterereka nawo pachitundapa, ine ndidzabwera kudzawatenga osapempha munthu."

Achimwene anali atakhala zaka zisanu ku Joni akutsuka magalimoto, ndipo atabwerako anatsegula kashopu ka mafoni m'tauni. Ndalama zina anali atasunga. Anayankha kuti, "Ndigula galimoto. Izidzafika pageti pomwe apa. Za ku Kanjedza muiwale."

Loweruka lotsatira ananditenga kupita ku Limbe, kumpanda wina wogulitsirako magalimoto. Mwini wake anali abambo achikulire, Msilamu, ovala mkanjo ndi kachisoti koyera. Sanafunse kuti tili ndi zingati. Anafunsa kuti timakhala kuti.

"Ku Chilomoni," anatero achimwene.

"Chilomoni yake iti, bambo? Ya pa tala kapena ya kuphiri?"

"Ya kuphiri."

Anatidutsitsa magalimoto onse onyezimira a kutsogolo n'kukatiimika pa ina yotuwa, yaitali miyendo, ya zitseko zotsetsereka. Kumbuyo kwake kunali kophwanyika pang'ono ndipo m'kati munkamveka kafungo ka mankhwala ochapira mipando. Abambo aja anati tikwere tikaiyese kwathu komweko, iwonso akwera nawo.

Inakwera. Inadutsa pachigayo, inadutsa pampopi, inagwedezeka pachigwembe cha pafupi ndi okala yachiwiri, koma inafika mpaka pageti. Amayi anatuluka atagwira khoma, ine n'kuwagwira mkono. Chitseko chitatseguka anangotembenuka n'kukhala pampando ngati mmene amakhalira pabedi. Anasisita mpando uja ndi dzanja.

"Bambo, Mulungu akudalitseni," anauza ogulitsa aja. Kenako kwa achimwene, "Imeneyi ndiye yake, mwanawe."

Pobwerera ku Limbe tinaima pamaloboti. Achimwene anatulutsa foni n'kuwaonetsa abambo aja chithunzi cha galimoto ina, yofiira, yafulati ngati chule, ya zitseko ziwiri. Inali ku Japan, pa kampani ina yogulitsa pa intaneti, pafupifupi yatsopano. Achimwene anati ngakhale aphatikize sitima ndi msonkho, mtengo wake sukusiyana kwenikweni ndi wa yotuwayi, imene yayenda kale zaka zambiri.

Abambo aja anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ine sindikukuletsani," anatero. "Zanganso ndimaitanitsa komweko. Koma ine poitanitsa ndimakhala ndikuganiza za ku Ndirande ndi ku Bangwe. Mnyamata wa ku Japan amene wajambula zithunzizi kwanu kuja sanafikeko."

Titatsika, achimwene anandiuza kuti ogulitsa onse amayankhula choncho kuti katundu wawo ayende.

Kunyumba anationetsa zithunzi zonse. Zinalipo zambirimbiri: kutsogolo, kumbuyo, injini, matayala, mipando yachikopa yakuda. Ngakhale kakanda kakang'ono, pamene panakandika pachitseko, anali atakazunguliza ndi mzere kuti wogula akaone.

"Chilungamo chimenecho," anatero achimwene. "Ku Limbe angakuuzeni za kakanda?"

Amayi anaitengera foni kutali ndi maso, monga amachitira powerenga Baibulo. "Zitseko ziwiri basi? Nanga mwanayu azikhala pati?"

"Kumbuyo kuli mipando, amayi. Mumangopinda wakutsogolowu."

"Ifika pano?"

"Injini yake ndi yamphamvu kuposa ija kawiri. Chitunda ichi izikwera ikuseka."

Apa ndiyenera kunena zoona. Amayi anandiyang'ana ine, chifukwa ndine wa ku sekondale m'nyumba muno, ndipo ine ndinati mphamvu ya injini ndi imene imakweza galimoto pachitunda, tinaphunzira ku Physics. Ndinanenanso kuti yofiirayo ndi yokongola. M'mutu mwanga ndinali nditatsika kale m'galimoto imeneyo pageti la sukulu, anzanga akuyang'ana. Tonse tinkaganiza za mphamvu. Palibe amene anafunsa kuti mimba yake yatalikirana bwanji ndi nthaka, ndipo pa zithunzi zonse zija panalibe chimene chinajambulidwa munthu atagona pansi.

Madzulo amenewo ndikutsuka mbale, achimwene anabwera kudzaima pafupi. "Chemwali, zoterezi ndatsuka zaka zisanu," anatero. "Ndinkalowamo ndi mawondo, kupukuta makapeti. Kukhala pampando, bwana akakuona, ntchito yatha." Mawa lake anatumiza ndalama.

Ndiye tinayamba kudikira. Achimwene ankatsatira sitima pafoni, kadontho kakang'ono pakati pa nyanja, ndipo m'mawa uliwonse ankatiuza pamene kafika. Masiku ena kankaoneka kuti sikanasunthe n'komwe. Tsiku la kuchipatala linafika, anawabereka. Linafikanso, anawabereka. Ulendo wachitatu mvula yoyamba inali itagwa, ndipo pafupi ndi mpopi achimwene anaterereka n'kugwada ndi bondo limodzi pamwala. Amayi sanagwe, koma buluku la achimwene linang'ambika ndipo magazi anatsikira mu nsapato.

"Asamve mng'ono wanga," anatero amayi ali m'chitenje. "Wamva, iwe?"

Ndinamva. Ndinangolemba m'kope.

Sitima itafika ku Dar es Salaam, achimwene anakwera basi kukaitenga okha galimotoyo. Anatha masiku oposa sabata. Pachipata cha Songwe anawasunga masiku angapo chifukwa cha mapepala a msonkho. Kenako masana ena anaimba foni kuti ali pa tala, tiwatulutse amayi pageti.

Ndinawaikira mpando pamthunzi wa mpanda. Amayi anavala duku latsopano. Tinamva injini ikubangula kumunsi, mawu amene sitinawamvepo m'dera lathu, agalu onse n'kuyamba kuuwa. Kenako panamveka khwee, ngati munthu akukokera lata pa simenti. Kenako zii.

Ndinatsika chothamanga. Galimoto inali itaima pamene tala amathera, pomwe pali kamlatho ka ngalande, mphuno yake itakhala pamwamba pa simenti. Inali yokongola kuposa pa zithunzi. Achimwene anali atagwada pambali pake akusuzumira kunsi, ataonda, maso ali psuu. Anthu anali atazungulira kale: a kabaza, a pachigayo, amayi ogulitsa tomato.

"Bwana, imeneyi ndi ya pa TV," anatero wa kabaza wina.

"Yaona phiri yagwada," anatero mnzake.

Ndipo abambo ena a pachigayo, osadziwa kuti ine ndili kumbuyo kwawo, anati, "Basi, muziibereka nayonso."

Anthu anaseka. Achimwene anadzuka, anasasa mawondo, n'kuibweza pang'onopang'ono. Anakaisunga mumpanda wa abambo ena owotcherera zitsulo pafupi ndi tala. Tinakwera chitunda wapansi. Amayi anali akadali pampando paja.

"Ili kuti?"

"Yafika, amayi. Msewu ndi umene ukufunika kukonza pang'ono."

Amayi anamasula duku lija n'kulipinda pamiyendo.

M'mawa mwake achimwene anandiuza kuti nditenge rula yanga ya kusukulu. Tinapita kumene inagona galimoto, iwo n'kuimika rula pansi pa bampala. Masentimita khumi ndi awiri. Kenako tinayenda msewu wonse kuchokera pa kamlatho mpaka pageti, iwo akuyeza mwala uliwonse wotumphuka ndi chigwembe chilichonse, ine ndikulemba kumapeto kwa kope la Geography. Malo amene galimotoyo sikanadutsa anadzaza masamba awiri.

Loweruka loyamba anthu anatithandiza. Msewu ndi wa tonse, ndiponso amayi amawalemekeza m'dera lathu. Ena anabwera ndi makasu, ena ndi wilibala, azimayi a pampopi anasenza zidutswa za njerwa m'mabeseni. Tinathira dothi m'zigwembe, tinaphwanya miyala ndi hamala ya abambo owotcherera aja, tinadzaza matumba a simenti ndi mchenga. Loweruka lachiwiri anabwera anthu asanu. Loweruka lachitatu tinali awiri, ine ndi achimwene, ndipo anthu ankangodutsa akuti, "Zikomo ndi ntchito." Sindikuwada. Ali ndi zawo zochita, komanso msewu umene tinkaufunawo sunali wa anthu oyenda pansi.

Masabata amenewo ndinatopa kutopa kumene sindinakudziwepo. M'manja munatuluka matuza, moti cholembera chinkandipweteka. Lolemba lina ndinagona m'kalasi, aphunzitsi a Masamu n'kundiimika kutsogolo mpaka belu. M'kope langa masiku ambiri muli mzere umodzi wokha: lero tafika pachigayo; lero tafika pampopi. Achimwene ankatseka shopu msanga n'kubwera kudzapitiriza okha dzuwa lisanalowe. Amayi aang'ono akaimba foni, amayi ankati, "Galimoto yabwera, ndi yabwino kwambiri," n'kusintha nkhani.

Tsiku la kuchipatala litafika, tinadzuka kusanatenthe. Tinabwereka matabwa awiri aatali. Pamalo ovuta ndinkawayala kutsogolo kwa matayala, achimwene n'kukwerapo pang'onopang'ono, ine n'kuwazula kumbuyo n'kuthamangira nawo kutsogolo. Ulendo wa mphindi khumi unatitengera pafupifupi ola lathunthu. Koma inafika. Galimoto yofiira inaima pageti pathu, achimwene n'kutuluka thukuta lili kamukamu, akumwetulira koyamba chibwerere ku Dar es Salaam.

"Amayi, galimoto yanu iyi."

Amayi anafika pachitseko n'kuyang'ana mpando. Unali pansi kwambiri, kutalika kwake ngati kampando kokhalira pophika. Munthu wa mawondo osapindika sakhala pamalo oterowo.

"Ndikhale pamenepo?"

"Tikuthandizani."

Ine ndinayamba ndalowa kumbuyo, mawondo ali pachibwano. Achimwene anawagwira amayi m'khwapa n'kuwatsitsa, kenako n'kunyamula miyendo umodziumodzi kuilowetsa. Amayi analuma chitenje. Potsika chitunda, wa kabaza wina anatithandiza ndi matabwa, ndipo titafika pa tala galimoto inayenda ngati ikuyandama. Achimwene anayang'ana amayi kuti anenepo kanthu. Amayi anali atatseka maso.

Kuchipatala ndi kumene zinavuta. Kulowa kunatheka chifukwa thupi limatsika lokha, koma kutuluka kumafuna mawondo. Achimwene anakoka, sizinatheke. Anabwera alonda a pageti ndi abambo ena okankha njinga za odwala, atatu onse n'kumawazula amayi ngati chinangwa, anthu a pamzere akuonerera. Bondo lina linakodwa pansi pa dashibodi, ndipo amayi anakuwa. Chibadwire changa sindinawamvepo akukuwa choncho, ngakhale pa maliro a bambo.

Tili pamzere wa mankhwala, kunja kunada ndipo mvula inagwa yamphamvu, ya maola awiri. Achimwene anaima pawindo osachokapo. Pobwerera amayi anakana kulowanso m'galimotomo, choncho ine ndi iwo tinakwera takisi, achimwene akutitsatira pambuyo. Titafika pa kamlatho tinapeza dothi lathu lonse lili pa tala, lofiira, minibasi zikulipondaponda. Matumba a mchenga anali m'ngalande. Zigwembe zinali zitabwerera, zina zakuya kuposa kale.

Achimwene anagwada m'matope momwemo, amayi n'kuwakolekera manja m'khosi. Anawabereka mpaka kunyumba.

Amayi anagona masiku awiri, bondo litatupa. Tsiku lachitatu anandituma kuti ndiwapatse foni, ndipo anaimbira okha amayi aang'ono, ife tikumva.

"Mng'ono wanga, konza malo aja."

Achimwene anayamba kunena kuti agula simenti, awaka malo ovutawo kuti madzi asakokololenso. Amayi anawadula.

"Mwanawe, wayesetsa, ndaona ndi maso anga. Ukadzapeza yaitali ngati ija, ndidzabwerera m'nyumba mwanga. Koma pamsana pako sindikwerapo kachiwiri, ndipo m'kabokosi kako kaja sindilowamonso."

Ine ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukhala pamwala wochapira. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinkangoganiza za Physics uja.

Loweruka achimwene anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Limbe, ati okha sangathe. Tinapita pa yofiira ija. Abambo a mkanjo aja anatizindikira tisanatsike. Sanaseke, sananenenso kuti ndinakuuzani. Achimwene anafunsa za yotuwa ija.

"Inapita ku Bangwe sabata yomweyo," anatero.

Anaizungulira yathuyo kawiri, anatsegula boneti, anamvetsera injini. "Ndi yabwino, bambo. Sanakunamizeni. Koma ogula zoterezi mu Blantyre muno ndi owerengeka, ndipo ambiri ali nazo kale. Isiyeni pano, tiziionetsa. Ikagulidwa tikupezerani yoyenera kwanu. Koma musandifunse kuti liti." Kenako anafunsa kuti, "Nanga mayi aja ali bwanji?"

Achimwene anawauza zonse, akuyang'ana pansi. Abambo aja anati tsiku losamukalo tiwaimbire. Anabweradi okha ndi pikiapu yawo, nakwera mpaka pageti popanda thabwa ndi limodzi lomwe. Tinakweza matiresi, sutikesi, wailesi ndi mpando wa amayi wa pakhonde. Amayi anakhala kutsogolo. Anandipatsa makiyi onse pamodzi ndi kachingwe kake, n'kundiuza kuti wa kuchipinda chosungiramo katundu amafuna kukokera kaye chitseko.

Tsopano ndili Fomu 4. Ndimadzuka ndekha, ndimaphika ndekha ndikachoka kusukulu, ndipo achimwene amabwera mochedwa kuposa kale. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi timakwera minibasi ziwiri kupita ku Kanjedza. Galimoto yofiira ikadali ku Limbe, pamzere wa kutsogolo, ndi pepala pagalasi. Achimwene amapita kukaitsuka okha Loweruka, ati anyamata a kumeneko amaikanda ndi nsanza zawo.

Ku Kanjedza amayi amagona pabalaza, kuseri kwa katani, chifukwa zipinda zili ndi ana a amayi aang'ono. Sadandaula. Anenepako pang'ono, ndipo kuchipatala amapita pa takisi osadzifunditsa kanthu. Lamlungu lapitali, titangokhala, anafunsa achimwene monga amafunsira nthawi zonse.

"Yagulidwa?"

"Ayi. Koma kunabwera abambo ena a ku Namiwawa, anaiyesa."

"Ndiye?"

"Ati akakambirane ndi akazi awo."

"Aa, ndiye basi," anatero amayi aang'ono ali kukhitchini. "Mkazi wanzeru sangalole."

Achimwene anaseka pang'ono, n'kutuluka kukaima panja. Ine ndikukhulupirira kuti abambo amenewo abweranso, kapena ena. Ndinawauza amayi choncho, kuti mwina pofika mayeso adzakhala atabwerera. Anandigwira mutu n'kuutembenuzira kuwindo.

"Wakuluka ndani tsitsili?"

"Mnzanga wa kusukulu."

"Mizere yokhota ngati imeneyi, ukuyenda nayo pamaso pa anthu? Khala pansi apa. Uza mng'ono wako abweretse chipeso."

Ndinakhala pansi n'kutsamira mpando wawo, osati mawondo, ndipo anayamba kumasula kuchokera kumbuyo.